Chimanga cha a Nachisale Sichinali Chobiriwira

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ntchito ndinakaimalizira ku Nambuma, pamene anzanga amene tinayambira limodzi anakapumira ku ofesi yaikulu m'tauni. Amayi anu amangokuyankhani mwachidule kuti abambo anu samva zouzidwa. Sakunama, koma nkhaniyo ndi yotalikirapo. Popeza tsopano ndili pakhomo ndipo palibe amene akundithamangitsa, ndati ndiilembe bwinobwino kuti mudzakhale nayo.

Namitete, ntchito yanga yoyamba

Za ubwana wanga ndizidumpha, mumazimva kale kwa azakhali anu. Ntchito yoyamba ndinaipeza pa Namitete, mu situdiyo ya a Jumbe, kachipinda kamene kanali pakati pa telala ndi chigayo. Chigayo chikalira, nsalu yathu ya kukhoma, imene inali ndi chithunzi cha ndege ndi nyumba zosanja, inkanjenjemera, ndiye tinkadikira kuti chizime kaye tisanajambule munthu. Nthawi imeneyo tinkajambulira pa filimu. Lachisanu lililonse ndinkakwera basi ya msewu wa Mchinji, kudutsa pa Mpingu ndi pa Njewa, kukapereka mafilimu m'tauni kuti akatsukidwe. Pobwerera ndinkatsegula maenvelopu ndili m'basi momwemo, mtima uli m'mwamba, chifukwa sitinkadziwa kuti otsukawo atipatsa zotani. Sabata ina anthu onse ankatuluka ofiirira ngati adutsa m'fumbi la mu Okotobala, sabata ina otuwa ngati angotuluka m'chipatala. Ife tinalibe chochita, zinkatengera mankhwala amene anali m'makina tsiku limenelo.

Tsiku lina mayi wina wa ku Chileka, amene tinamujambula pa chinkhoswe chake, anabwera ndi chithunzi m'manja nkhope ili gwaa. Anachiika pa tebulo n'kunena kuti diresi lake linali la mtundu wa lalanje lakupsa, ndipo analisankha yekha pa msika, nanga bwanji pa chithunzipo likuoneka ngati chigumu? A Jumbe anayesa kumuuza kuti nkhope yatuluka bwino kwambiri, koma iye anati nkhopeyo amaiona tsiku lililonse pa kalilole, chimene ankafuna kusunga ndi diresi. Anachoka atasiya chithunzicho pa tebulo pomwepo. A Jumbe anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandiuza kuti ndichikhome pamwamba pa chitseko kuti tizichiona potuluka. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuyang'anitsitsa mitundu ya zinthu ndisanadine batani.

Ndinakhala ndi a Jumbe zaka zingapo. Kenako bungwe lina lothandiza alimi linalengeza kuti likufuna wojambula zithunzi. Tinapita anthu angapo, ena odziwa kujambula kuposa ine, koma ananditenga ineyo chifukwa ndinkatha kuyendetsa njinga yamoto m'matope.

Nsaru, chaka chimene kunabwera kamera yatsopano

Ntchito yanga ku bungweko inali yoyenda ndi alangizi m'minda ndi kujambula mbewu, ziweto ndi alimi eni ake. Zithunzi zina zinkalowa m'malipoti opita kwa abwenzi akunja amene ankatithandiza, zina zinkalowa mu kalendala ya alimi. Kalendala imeneyi ndinkainyadira. Mwezi uliwonse unkakhala ndi chithunzi cha vuto lina la m'munda, monga tsamba la chimanga logwidwa ndi chiwawu kapena mtedza wopinimbira, kuti mlimi akaona zofanana nazo m'munda mwake adziwe msanga chochita.

Nditagwira zaka zambiri ndi filimu, kenako ndi timakamera ting'onoting'ono ta khadi, ofesi yathu ya pa Nsaru inalandira kamera yaikulu yakuda, yolemera ngati njerwa. Ndinayenda nayo masiku atatu m'minda ya mtedza, ndikudzimva kukoma. Nditabwerera ku ofesi n'kuika khadi mu kompyuta, zithunzi zonse zinakana kutseguka. Komanso khadi inali itadzaza ndi zithunzi zochepa chabe. Ndinaganiza kuti atipatsa kamera yakufa. Ndinatokosatokosa mabatani mpaka ndinapeza pamene panalembedwa kuti RAW, n'kusinthapo kuika pa JPEG, dzina limene ndinalizolowera kale pa timakamera tija. Zithunzi zinayamba kutseguka, ndipo ndinauza aliyense mu ofesi kuti kamera ndaikonza. Ndinajambulanso, n'kutumiza zithunzi khumi ndi ziwiri kwa osindikiza kalendala m'tauni.

Patapita masiku ochepa anandiimbira a Mayi Mwale. Awa anali mayi wachikulire amene ankakonza masamba a kalendala asanalowe m'makina osindikizira, ndipo ankadziwika kuti sanyengerera munthu. Anandiuza kuti ndibwere ndi kamera, khadi, komanso tsamba lenileni la mtedza wodwala limene ndinalijambula. Nditafika, anaika tsambalo pambali pa pepala limene anasindikiza moyesa. Tsamba lenileni linali lachikasu chotumbululuka. La pa pepala linali lobiriwira mosangalatsa, loti mlimi akaliona angaganize kuti mbewu yake ili bwino kuposa kale.

“Kodi a Mbewe,” anandifunsa, “kalendala iyi ndi yophunzitsa alimi matenda, kapena ndi yotsatsa mbewu?”

Ndinayankha kuti kamera ndi imene yachita zimenezo. Iwo anati zoona, yachita ndi kamera, chifukwa ine ndinailola kuti iziganiza m'malo mwanga. Anandikhazika pa mpando masiku awiri athunthu. Anandifotokozera kuti chithunzi cha RAW, chimene kuyambira pamenepo tinkangochitcha chachiwisi, chimasunga kuwala konse kumene kamera yaona, n'chifukwa chake chimakhala chachikulu ndipo foni kapena kompyuta wamba sizichitsegula. Koma ukauza kamera kuti ikupatse jepegi, imasankha yokha mitundu imene ikuganiza kuti anthu aikonda, n'kutaya zina zonse kuti chithunzi chichepe. Zotayidwazo sizibwereranso. Ine, mwana wa mlimi wa fodya, ndinati ndiye kuti zili ngati kudinda belo pa jeke: kusankha masamba kumachitika usanadinde, ukadinda basi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti kani mutu ndili nawo.

Anandidulira kakatoni kotuwa, kokwana m'thumba la malaya. Anati ndikafika pamalo, chithunzi choyamba ndizijambula kakatoniko kali pa kuwala komweko kumene kuli chinthu chimene ndikufuna. Chifukwa chake n'chakuti kuwala kuli ndi mtundu wake ngakhale maso athu saona. Dzuwa la m'mawa limafiiritsa zinthu, mthunzi wa mtengo umazipatsa kabuluu, m'chigafa cha fodya zonse zimaoneka zachikasu. Ukatsegula chachiwisi pa kompyuta n'kuloza kakatoni kaja kuti ichi ndiye chotuwa chenicheni, mitundu ina yonse imabwerera m'malo mwake. Anandionetsanso mmene umachepetsera pamene pawala kwambiri ndi kutsegula pamene pada, osapyola muyezo. Pomaliza anandionetsa potulutsira jepegi. Anati ndizisankha malembo akuti sRGB, chifukwa ndikasankha ena chithunzi chimakafika pa foni za anthu chitasuluka ngati chitenje chakale. Pa kadindidwe, kamene kamachepetsa kulemera kwa chithunzi, anati ndiziika pa nambala 90. Ukakweza mpaka pamapeto chithunzi chimangolemera popanda diso kuona kusiyana, ukatsitsa kwambiri thambo limayamba kuoneka mizeremizere ndipo m'mphepete mwa masamba mumachita timabokosi. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti jepegi sakonza kawiri. Ukafuna kusintha kanthu, bwerera ku chachiwisi ukatulutse ina yatsopano.

Lamulungu lotsatira ndinakayesa nzeru zatsopanozi ku tchalitchi kwathu. Amayi a mpingo ankadandaula chaka ndi chaka kuti akavala yunifolomu, chithunzi chimatuluka ndi mabulauzi owala ngati malata koma nkhope zili bii, moti munthu ankadzizindikira ndi nsapato. Ndinawaimika panja dzuwa lili pamutu, amayi anu ali mzere wachiwiri, n'kujambula zaziwisi. Pa kompyuta ndinatsitsa kuyera kwa mabulauzi mpaka mabatani ndi makwinya a nsalu zinaoneka, ndinatsegula nkhope mpaka aliyense anatuluka ndi khungu lake lenileni, wakuda ndi kuda kwake, woyererako ndi kuyera kwake. Chithunzicho chinayenda dzanja ndi dzanja mpingo wonse. Mayi wina anadandaula kuti tsopano mpata wa m'mano mwake ukuoneka, koma anaitanitsa ziwiri.

Musaganize kuti zonse zinkayenda mofewa. Magetsi pa Nsaru ankatha kuzima tsiku lonse, ndipo batire ya laputopu imene anandipatsa inali yotopa. Masana ambiri ndinkagwirira ntchito kwa ometa tsitsi amene anali ndi sola, nditakhala pa benchi pakati pa anthu odikira kumetedwa, aliyense akundilangiza kuti apa onjezerani, apa chepetsani. Ndinaphunzira kukhala mofulatira khoma, kutali ndi zenera, chifukwa kuwala kwa panja kukagunda galasi la laputopu umanyengeka n'kuwalitsa chithunzi mopitirira. Ndinkayendanso ndi masamba m'thumba kuti ndiziwaika pambali pa galasi n'kuyerekeza, moti amayi anu pochapa ankapeza masamba a soya ndi a chimanga m'matumba onse. Netiweki inkagwira bwino pa chulu cha kuseri kwa ofesi basi. Kumeneko ndinadziwira kuti foni nayo imadindanso chithunzi ukachitumiza mwachizolowezi, ndiye ndinkatumiza ngati chikalata, n'kuima pachulupo dzanja lili m'mwamba mpaka chipite. Zaziwisi zonse ndinkazisunga mu disiki imene ndinaikulunga m'kansalu n'kuiika m'chitini cha mabisiketi, kuopa fumbi ndi mphemvu.

Kabudula, chaka chimene feteleza anachedwa

Atandisamutsira ku Kabudula ndinapeza bwana wina, a Chimphepo. Ndisawanamizire, anali munthu wabwino, wanthabwala, wogwira ntchito ngati alibe kwawo. Galimoto ikatitimira ankavula nsapato n'kukankha nafe. Ankakonda kuima kumbuyo kwanga ndikamakonza zithunzi, akudabwa kuona thambo loyera mbee likubwerera kukhala thambo.

Munda wathu wachitsanzo unali wa a Nachisale, mayi wamasiye wolimbikira kwambiri, amenenso pakamwa pawo panalibe chotsekera. Iwo anachita zonse zimene alangizi anawauza. Anabzala ndi mvula yoyamba, phando limodzi mbewu imodzi, anapalira nthawi yake. Koma chaka chimenecho mafuta a galimoto ankasowa, ndipo feteleza wobereketsa amene bungwe linawalonjeza anafika mochedwa ndi masabata angapo. Pofika mu Febuluwale chimanga chinali chitayamba kumasula chili chachikasu, masamba a m'munsi akuuma kuyambira kunsonga. Ndinapita kukajambula m'mawa wina, a Nachisale ataima pakati pa mizere khasu lili paphewa, kakatoni kanga kotuwa ali nako m'dzanja pa chithunzi choyamba.

Sabata yomweyo tinkayenera kutumiza lipoti kwa abwenzi akunja aja, ndipo zinkamveka kuti akufuna kutseka ntchito m'madera ena. Chithunzi cha munda wachitsanzo ndi chimene chinkayenera kukhala pachikuto, komanso chimodzimodzicho chinkayenera kusindikizidwa chachikulu n'kukhomedwa pa msika wa Kabudula. A Chimphepo ataona chithunzicho pa laputopu anatseka chitseko. Anandiuza kuti amadziwa kuti m'kachipangizo kanga muli kabatani kobiriwitsa, chifukwa anandionapo ndikukagwira. Anati sitikunamiza munthu, feteleza wathiridwa, mvula ikugwa, pakatha masabata awiri mundawo ubiriwira ndithu, ine ndingothamangitsako nthawi pang'ono. Ananditchulira mayina a anzathu a mu ofesi mmodzimmodzi, ndi ana awo amene anali pa sukulu, ndi makalabu a alimi amene akanasiyidwa ntchito ikanatsekedwa. Sanandikalipire. Akanakalipa bwenzi zitandiphwekera.

Ndinachita zimene ananena. Sizinanditengere nthawi yoposa yomwera tiyi. Chachiwisi chimamvera chilichonse chimene wachiuza, ndiye ndinakoka chikasu chokha n'kuchipititsa ku mtundu wa msipu, osakhudza nkhope kapena chitenje chofiira cha a Nachisale. Munda unatuluka wokongola kuposa munda uliwonse umene ndinauonapo ku Kabudula. Ndinatulutsa majepegi awiri, yoona ndi yobiriwitsa. Koma bungwe lathu linali ndi lamulo lakuti munthu aone kaye chithunzi chake n'kuvomera tisanachigwiritse ntchito, ndipo a Chimphepo eni ake ndi amene ankalimbikira lamulo limeneli. Choncho m'mawa mwake ndinamanga laputopu kumsana n'kukwera njinga yamoto.

Ndinawapeza a Nachisale akubandira. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango m'mphepete mwa munda, ndipo ndinayamba kuwaonetsa yobiriwitsa ija. Anaiyang'ana, anatembenuka kuyang'ana munda wawo, anayang'ananso pa galasi, kenako anaphulika kuseka mpaka anagwira pamimba. Anaitana amayi awiri amene ankalima munda woyandikana nawo kuti adzaone.

“Taonani anzanga, ndili ndi munda wina umene sindimaudziwa,” anatero. “A Mbewe, munda umenewu uli kuti? Mundilondolere, ndikapemphe ganyu.”

Amayi aja anaseka nawo, inenso ndinaseka mwamanyazi. Ndinawafotokozera chifukwa chake, monga mmene bwana anandifotokozera, n'kuwaonetsanso yoona ija. Anamvetsera mpaka kumapeto, kuseka kutatha. Anandifunsa ngati chithunzicho ndi chomwe chikakhomedwe pa msika. Nditavomera, anati anthu onse opita ku chipatala ndi ku chigayo amadutsa m'njira ya pamunda pawo, ndipo akuona ndi maso awo mmene chimangacho chilili.

“Mukakhoma ichi, sadzanena kuti bungwe lanama, adzati Nachisale wayamba bodza atakalamba,” anatero. “Ndipo anzanu akunjawo akaona chonchi adzati feteleza anafika bwino. Chaka chamawa adzachedwanso, eti? Onetsani chinacho. Chimanga changa chadwala, koma si ine ndachidwalitsa.”

Pobwerera ndinapatukira kunyumba nthawi ya nkhomaliro n'kuwafotokozera amayi anu zonse. Ndinawakumbutsa kuti kwatsala zaka ziwiri zokha kuti ndipume, ndipo munthu akakangana ndi bwana pa msinkhu umenewu sapezanso pena pogwira. Iwo anapitiriza kusenda mtedza umene anali nawo m'lichero, n'kunena kuti ngati ndabwera kudzapempha chilolezo chonamizira mayi wamasiye, ndalakwitsa khomo. Anawonjezera kuti munda tili nawo, njala sitingafe nayo.

Masana ndinalowa mu ofesi ya a Chimphepo. Ndinawauza kuti mwini chithunzi wakana yobiriwitsa, ndipo ine ndaifufuta. Ndinaika khadi ya kamera pa tebulo pawo, n'kunena kuti zaziwisi ndi za bungwe, atha kupatsa wina aliyense, koma manja anga sachitanso zimenezo. Nkhope yawo inasintha. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti ndikuseweretsa ntchito za anthu. Ndinati ndikudziwa. Ananditulutsa, nati achita okha.

Vuto linali lakuti m'dera lonselo panalibe wina amene akanatsegula chachiwisi, ndipo lipoti linkayenera kupita tsiku lomwelo ofesi isanatsekedwe. Ndiye a Chimphepo anatenga jepegi yoona ija n'kuyamba kuikonza pa foni yawo. Patapita ola limodzi anandiitana. Anandipatsira foniyo. Chimanga chinali chitabiriwira ndithu, koma pamodzi ndi china chilichonse. Thambo linali la mizeremizere, chitenje chofiira chija chinasanduka chamatope, ndipo a Nachisale eni ake anali ndi nkhope yobiriwira ngati bilimankhwe. Anali atasunga n'kukonzanso kangapo, moti masamba anali atasweka kukhala timabokosi. Ndinayesetsa kudzigwira, koma nditakweza maso ndinaona kuti milomo yawo nayo ikunjenjemera. Tinaseka tonse awiri mpaka mlembi anasuzumira pakhomo. Atapukuta misozi anandiuza kuti ndisaganize kuti nkhani yatha, koma ndibweretse yoonayo. Anakhala pansi n'kulemba ndime yonse yofotokoza kuti feteleza anachedwa, ndi chifukwa chake, ndi zimene kuchedwako kwachita m'munda. Lipoti linapita ndi chimanga chachikasu pachikuto.

Zotsatira zake zinali zosakanikirana. Ntchito ku Kabudula sanaitseke, koma anaichepetsa, ndipo anzathu awiri anawasamutsira kutali ndi mabanja awo. Mmodzi wa iwo anatha miyezi osandipatsa moni, ndipo sindinamudandaule. Chaka chotsatira feteleza anafika mvula isanayambe. Sindinganene kuti chinachititsa ndi chithunzi changa, mwina mafuta anangopezeka. Chimanga chija cha a Nachisale chinabiriwirako monga bwana ananenera, koma zisononkho zinali zazing'ono, nkhokwe sinadzaze. Chithunzi choona chinakhomedwa pa msika, ndipo alangizi ankaimitsa alimi pamenepo n'kuwaonetsa mmene chimanga chanjala chimaonekera. Ine ndinalandira kalata yonena kuti luso langa likufunika kwambiri ku Nambuma.

Nambuma, zaka ziwiri zomaliza

Aliyense ankadziwa tanthauzo la kalatayo. Ofesi ya ku Nambuma inali chipinda chimodzi, tebulo limodzi, ndi mlangizi mmodzi amene nthawi zambiri ankakhala ali kumunda. Ndinapita ndili wokhumudwa. Koma ndikuuzeni zoona, pa malo onse amene ndinagwirako ntchito, kumene ndinasangalala kwambiri ndi kumeneko. Kunalibe misonkhano ya tsiku ndi tsiku. Ndinali ndi nthawi yodikira kuwala kwabwino m'malo mojambula mothamanga, ndipo zithunzi zambiri za kalendala ya zaka zimenezo zinachokera m'minda ya ku Nambuma. A Mayi Mwale, amene sankayamikira munthu chisawawa, ananditumizira uthenga wa mawu atatu okha, wakuti izi ndiye zithunzi. Amayi anu anapeza dimba pafupi ndi mtsinje, ananenepa, ndipo pochoka analira kuposa mmene analirira pobwera.

Chaka changa chomaliza chili pakati, m'mawa wina ndinamva galimoto ikuima panja. Anatsika a Chimphepo, atavala suti ndi tayi, kunja kukutentha. Chichokereni ku Kabudula tinali tisanakhalepo pansi awiri. Tinapatsana moni, anafunsa za amayi anu ndi za inu nonse, anayamikira mpiru wa ku dimba umene unali pa tebulo. Kenako ananena chimene anabwerera. Nawonso ankapuma kumapeto kwa chakacho, ndipo ofesi yaikulu inkafuna chithunzi chawo choti chikaikidwe pa pepala la mwambo wotsanzikana. Anati anajambulitsa kale m'tauni kawiri, koma koyamba anawayeretsa mpaka akazi awo anafunsa kuti mwenye ameneyu ndi ndani, kachiwiri anatuluka ngati chitsa chopserera.

Ndinawaimika pakhonde, pamene kuwala kunkalowa chammbali. Ndinawajambula kangapo akuyesa kuumitsa nkhope ngati nduna, mpaka ndinawafunsa ngati foni yawo ija idakalipo, ndipo anaseka, ine n'kudina. Tinalowa mkati n'kutsegula chachiwisi. Anakoka mpando n'kukhala pambali panga. Khungu linatuluka lawo lenileni, suti yabuluu inakhala yabuluu. Anayang'anitsitsa kwa nthawi, akusisita m'mutu.

“A Mbewe, imvi izi zachuluka chonchi liti?” anafunsa. “Kodi mulibe kabatani kozidetsa pang'ono?”

Ndinawauza kuti kalipo, ndipo popeza mutu ndi wawo, mwini wake akavomera ine ndilibe mawu. Ndinaika chala pa kabataniko n'kudikira. Anayang'ana pa galasi, anandiyang'ana ine, kenako anandimenya pa phewa.

“Zisiyeni,” anatero. “Theka la imvi zimenezi munandipatsa ndinu. Anthu azione.”

Ndinatulutsa jepegi imvi zili zonse. Anadya nafe nkhomaliro, ndipo pochoka amayi anu anawaikira mtolo wa mpiru kumbuyo kwa galimoto. Pa mwambo wotsanzikana nawo ndinakhala mzere wakutsogolo, chifukwa iwo eni ake ndi amene analemba dzina langa pa mpando.